Nzama Zofiira za aNabanda

Selina mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe utapita ku Chifunde kukatsanzika anzako. Cholembera ndabwereka kwa abambo ako, chija amalembera za kumphakati wathu wa kutchalitchi, ati ndisachilume. Ndikamaliza ndiika pepalali pamwamba pa zovala zako m'chikwama, ndipo uliwerenge lero lomwe ukangofika. Usanene kuti ndikawerengera m'shapa, m'minibasi muja, mawa, chifukwa muli mawu oti uwamve usanachoke pakhomo pano. Pakamwa panga ukupadziwa: ndimayamba bwino, koma pofika pakati ndayamba kale kukalipa. Papepala mwina ndifika kumapeto.

Nkhani ndi ya nzama zija. Kuchokera Lamulungu lija unandipempha mbewu kuti ukabzale kusukulu yako ya zaulimi ku Chimoio, ine n'kukana, m'nyumba muno tikungopatsana moni ngati akazi apamitala. Unati mnzako amene anatsogola kumeneko anakuuza kuti aliyense amapatsidwa kamunda koyeserapo mbewu, ndipo iwe ukufuna zathu zofiira zija. Ndinati ayi. Utafunsa chifukwa, ndinati mtsikana sabzala nzama, basi. Pamenepo unandiyankha kuti, "Amayi, inu mukadzamwalira, nzamazi anthu adzaziphika pamaliro anu, n'kuthera pomwepo." Ndinataya lichero n'kulowa m'nyumba. Sindinakwiye chifukwa choti unanama ayi. Unanena zoona, ndipo unazinena ndi pakamwa pofanana ndi panga, n'chifukwa chake zinandiwawa.

Ku nzamazo ndibwerako. Koma poti ukuwoloka Zambezi kupita kumene anthu amaphika mwina, ndiyambe ndakuuza za mbale za eni ake.

Chaka china gulu lathu la amayi a kutchalitchi linanditumiza kumsonkhano ku Tete. Unali wamng'ono, sungakumbukire. Kumeneko tinasonkhana amayi ochokera mbali zonse, ndipo tsiku lina anaphika ndi mayi wina wa ku Quelimane. Anatibweretsera mpunga wophika ndi koko, chipatso chija amapala m'kati mwake n'kufinya madzi oyera. Ine fungo limenelo ndinkalidziwira m'botolo la mafuta odzola kumutu basi. Ndinanunkhiza mbale n'kuuza mnzanga, mokweza ndithu, poganiza kuti wophikayo samva chinenero chathu, kuti, "Kodi atithirira mafuta a tsitsi?" Mayi uja anatembenuka, chipande chili m'manja, n'kundiyankha m'Chichewa chomveka bwino kuposa changa: "Idyani amayi, tsitsi silimera m'mimba." Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Kenaka anadzakhala pafupi nane n'kundiuza kuti nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, ndipo thelele lathu analiyamba ndi misozi, koma ndi limene linamusunga iye ndi ana ake. Ndinadya mpungawo mpaka kupempha wina, ndipo tinasiyana tili paubwenzi. Ndiye iwe, Selina, ukapatsidwa chakudya chachilendo, mphuno ikhale chete. Yamba wadya, uthokoze, kenaka ufunse kuti amachiphika bwanji ndiponso anawaphunzitsa ndani. Munthu ukamufunsa za mphika wa amayi ake amakuuza ndi zina zomwe sunafunse.

Koma usapitirirenso mbali inayo, ngati achimwene ako a Domingo. Atagwira ntchito miyezi yochepa kumigodi ya malasha ku Moatize, anabwera kuno ndi nsapato zosongoka. Ndinawaikira mpani wa mbewa, akapuku onona aja, iwo n'kukankha mbale. "Amayi, izi ine ndinasiya, kumene kuja timadya nkhuku yowotcha." Ndinati chabwino bwana, n'kukabisa mpaniwo padenga la nkhokwe. Dzuwa litapendeka ndikupita kukatapa chimanga, ndinawapeza bwana aja atanyonyomala kuseri kwa nkhokwe, kamchira kali lende pakamwa. Ndinangowapatsira mchere. Mpaka lero akandiimbira telefoni ndimayamba ndawafunsa ngati nkhuku zikadalipo ku Moatize. Anzako kumeneko adzakuseka, adzati a ku Chifunde odya mbewa. Seka nawo, uwauze kuti inde, ndipo wonona ndi kapuku. Munthu wodya chakwawo mobisala amakhuta, koma mtima wake sukhala m'malo.

Ndipo kaludo uja, chokometsera ndiwo chogula mumakonda atsikana inu, usamathire paliponse. Nkhwani wotendera safuna thandizo la m'sitolo. Ndakuikira mfutso wa khwanya ndi nsinjiro pansi pa chikwama, ukagawireko amene uzigona nawo chipinda chimodzi. Usamadye wekha chitseko chili chotseka, ngakhale zitachepa bwanji.

Tsopano za nzama. Khala pansi, mwana wanga, chifukwa izi sindinakuuzepo bwinobwino.

Ukudziwa kuti unali ndi mlongo wako wamkulu, Petulo, woyamba kubadwa, amene anatsala ku Zambia. Dzina lake umalimva pa Misa ya akufa chaka ndi chaka, koma nkhani yake sindinaikambe, ndipo iwe sunafunse. Nkhondo itafika kuno ku Nsadzo tinathawa opanda chonyamula chenicheni. Ine ndinali ndi Petulo kumsana, akuyamwa. Abambo ako anasenza mphasa ndi khasu. Amayi anga, agogo ako aNabanda, anatuluka m'nyumba ndi mphika umodzi ndi kathumba kansalu komangirira m'chiuno. M'njira njala itatipweteka ndinawafunsa kuti m'kathumbamo muli chiyani. Anati nzama. Ndinati tiphike. Anandiyang'ana ndi diso lija unalimva mbiri yake, n'kunena kuti, "Ukadya izi, kumene tikupitako ukakhala munthu wa kuti?" Ndinawaona ngati munthu wouma mtima, ndipo tinagona ndi masuku osapsa m'mimba.

Kumsasa wa othawa nkhondo tinkalandira ufa wachikasu, nyemba ndi timafuta. Sindinyoza, unatisunga, ndipo amene ankatipatsa Mulungu awadalitse. Koma chakudya cha pamzere chimakhutitsa mimba yokha. Aliyense ankadya zofanana, wa ku Chifunde, wa ku Marávia, mfumu ndi wamba, ndipo pang'onopang'ono tinayamba kuiwala kuti kwathu ndiwo zinkasiyana ndi nyengo. Agogo ako okha anapempha kachigawo ka mchenga kuseri kwa zisakasa, komwe ena anakakana, n'kubzala nzama zawo. Ine sankandilola ngakhale kuponya mbewu imodzi. Ndinkangowatungira madzi akumwa n'kukhala patali.

Lamulo lake ndi limenelo, ndipo iwe walimva theka lokha. Si kuti mtsikana sabzala nzama chabe. Makolo anati nzama amabzala ndi mkazi amene anaikapo mwana m'manda. Ukaona mmene timaundira dothi patsinde zikayamba maluwa, kamtumbira kaja kamafanana ndi manda a khanda. Ndiye ankati mkazi amene sanalirepo akaumba kamtumbira kotere, akuitana maliro pakhomo pake.

Chaka chachiwiri kumsasako kunagwa chikuku. Petulo anali atayamba kuyenda, akutchula "mama" ndi "madzi", mawu awiri okhawo. Anadwala, ndipo sabata isanathe tinamuika. Za masiku amenewo sindilemba zambiri. Ndinasiya kudya, ndinasiya kusamba, abambo ako ankandiyankhula ine ndikungoyang'ana khoma la udzu. Amayi a kumphakati ankabwera kudzapemphera, ndinkawamva ngati ali kutsidya la mtsinje.

Mvula itagwa, mmawa wina agogo ako anandigwira dzanja n'kundidzutsa. Sanandipepese, sanali munthu wa mawu ofewa. Ananditengera kumchenga kuja, anatambasula chikhatho changa, n'kuthiramo nzama zodzaza dzanja. Anati, "Tsopano ukhoza." Basi, mawu ake anali omwewo. Ndinagwada n'kuyamba kuponya m'mapando, misozi ikugwera momwemo. Amayi ena atatu amene ankalima pafupi anasiya makasu awo n'kubwera kudzaponya nane, ndipo ndinazindikira kuti onsewo anadutsa njira yomweyo. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndili ndi njala, n'kudya. Pokolola ndinaphika zaziwisi ndi makoko ake, ndipo abambo ako atalawa analira, ati zikununkha kwathu.

Pobwerera, nkhondo itatha, galimoto inatitsitsa titadutsa malire pa Cassacatiza, kwinako tinayenda pansi. Mudzi sitinauzindikire. Pamene panali bwalo panali mitengo yoti n'kudula mitanda, ndipo nyumba yathu tinaidziwira mtondo wosweka. Feteleza kunalibe, mbewu ya chimanga inali yochepa, koma kathumba kaja kanabwera kali kathumba kakakulu. Nzama sizifuna zambiri, pamchenga pomwe zimabereka. Chaka choyambacho Domingo anakulira zimenezo, ndipo mabanja ambiri a m'mudzi muno anadzatapa mbewu kwa agogo ako. Zofiira zimene ukuziona kwa anzanga aNamwale kutsidya kwa dambo n'zochokera m'kathumba komweko.

Ndiye utandipempha tsiku lija, ine sindinamve za sukulu kapena za kamunda. Ndinaona dzanja lako litatambasuka ngati langa kumchenga kuja. Ndinaopa, mwana wanga. Ndine mkhristu, ubatizo ndi ukwati zonse n'zapatchalitchi, ndipo apadiri ananenapo kangapo kuti mbewu ilibe mphamvu pa moyo wa munthu. Mutu wanga unavomera kalekale. Koma mantha sapita ku Misa. Iwe ndiwe chitsirizira changa, ndinakubereka anthu atayamba kale kunditcha agogo, ndipo ndikaganiza zoti tsiku lina udzagwade pamene ndinagwada ine, ndimati bola mbewuyo ithe.

Dzulo ndinapita kwa aNamwale kukawadandaulira za iwe. Ndinkafuna munthu woti andivomereze kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Ndinawapeza akusenda nzama zawo pakhonde, mochita kufufuza ndi zala poti maso aja anayamba kuchita chifunga. Nditafotokoza anati, "Nanga aNaphiri, m'mudzi muno obzala tatsala angati?" Tinayamba kutchulana. Uyu anamwalira, uyu anapita kwa ana ake ku Tete, uyu miyendo inakana. Tinapezeka kuti tatsala awiri, iwo ndi ine. Anati, "Chabwino, tiyeni tipeze wachitsikana woti timusiyire." Tinayenda ndi pakamwa nyumba ndi nyumba, kuyambira kumpoto mpaka kudambo. Mkazi wa Domingo, ana ake onse ali moyo. Ana aakazi a aNamwale, onse ali ndi ana awo, ena mpaka kusowa pogona. Uyu anachirira kuchipatala, uyu ana ake anabayitsa katemera onse. Amene anataya alipo, sindinama, koma ndi ochepa, ndipo mtima wawo suli kumunda wa nzama. Ine ndinapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Ndiye mbewu yatha basi."

ANamwale anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Inu aNaphiri, mukufuna tikhale pano tizilira kuti ana aleka kufa?"

Mawu amenewo ndinabwera nawo kunyumba ngati mtolo wa nkhuni. Taganiza, Selina. Pa nthawi ya agogo ako panalibe mkazi wofika msinkhu wanga amene sankabzala nzama. Mudzi wonse unali wa obzala, ndipo palibe ankadabwa. Lero tikusowa womusiyira mbewu chifukwa Mulungu watichitira chifundo, mfuti zinakhala chete, ndipo ana akukula. Chinthu chimene ndakhala ndikuchidandaula ndi chomwe ndinkachipempherera zaka zonsezi. Ndinakumbukiranso kuti ine lamulolo ndinalisunga bwinobwino, osakhudza phando ngakhale limodzi, koma Petulo anapita. Sizinali nzama. Chinali chikuku, ndi thupi lofooka ndi ulendo.

Ndinawauza abambo ako zonsezi akukonza tcheni cha njinga. Ukuwadziwa, pa mkangano wathu uja ankangoti za akazi salowerera, chonsecho mbale ya nzama amayamba kutha ndi iwo. Anapukuta manja n'kunena kuti, "ANaphiri, amayi anu ananyamula mbewu ija kudutsa m'nkhondo kuti idzathere m'mphika wa pamaliro?" Ndinawauza kuti mawu amenewo aba kwa mwana wawo. Anati mwanayo anatengera nzeru kwa iwo, pakamwa pokha ndi pa ine.

Komabe ndikupemphe chinthu chimodzi. Ukakafika kusukuluko, aphunzitsi akakafunsa za mbewuyi, usakanene kuti kwathu anthu ndi osazindikira, amakhulupirira zachabe. Amene anaika lamulo lija sanali opusa. Ine sindidziwa chimene ankaganiza, koma ndikudziwa chimene linandichitira. Pa nthawi imene panalibe mawu oti n'kunditonthoza, linandipatsa ntchito yanga yanga, ndi anzanga ondimvetsa popanda kufotokoza. Ukakanene zonse, za lamulo, za kathumba ka agogo ako, ndi za Petulo yemwe ngati ungathe. Ukauze anthu kuti mbewuyi inapita ku Zambia wapansi n'kubwerako. Kenaka uyese zoyesa zakozo, uone ngati ingabereke koposa, ndipo ukapeza nzeru yatsopano ubwere nayo kuno, usakaisiye m'mabuku.

Mbewu ndakusankhira kale, zofiira zokhazokha, zazikulu, ndipo ndazisiya m'makoko. Usazisende mpaka tsiku lobzala, apo ayi anankafumbwe akuthandiza kudya. Ukapemphe malo a mchenga, osati pamene pamadikha madzi. Akakupatsa manyowa ambiri ukane, zimangochita masamba n'kukunamiza. Zikayamba maluwa uundire dothi patsinde, mofatsa, ndi manja ngati khasu likukula. Ndipo pokolola usadye zonse ndi anzako a m'chipinda aja. Yamba wapatula mbewu, kenaka ugawireko aliyense wopempha, monga ankachitira agogo ako. Ukazikaniza, ndidzamva ndili kuno.

Zina zonse ukuzidziwa. Upemphere, ulemekeze akulu ngakhale olankhula chinenero chimene sukuchimva, ndipo anyamata okugulira nkhuku yowotcha uziwayang'ana kawiri. Uziimba telefoni Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, osati pokhapokha sopo akatha. Ndimakunyadira, ngakhale sindinena kawirikawiri. Palibe mkazi wa m'banja mwathu amene anapitapo kutali chotere popanda chomuthamangitsa kumbuyo, iwe ukupita ndi chikwama ndi nsapato, anthu akukuperekeza ndi nthungululu.

Koma sindifuna kuti nzama yako yoyamba ukaponye kuchilendo, ine ndili kuno ndikungoganiza. Kumunda wa kuchulu kwatsala mzere umodzi wosabzala, ndipo chinyezi chikadalipo. Wa mota, wa njinga yamoto wodzakutenga uja, ndamuuza kuti asabwere m'mamawa kwambiri. Kukacha tipite awiri, iwe ndi ine, tidutse pakati pa mudzi anthu akuona, mbewu ili m'manja mwako. Oyankhula ayankhule, ndidzawayankha ndine iwe utapita, ndipo pakamwa ndili napo.

Tikafika ndikuthira nzama m'chikhatho monga anandithirira amayi anga, koma iwe maso ako adzakhala ouma. Mwina ndizengereza. Mwina ndikuuza kuti tiye tibwerere, tachedwa. Usandimvere, Selina, mawa lokha ndakuloleza. Ndikayamba kulira usaimirire kuti unditonthoze. Ponya, kwirira, upite paphando lina mpaka mzere uthe.

Ndine mayi ako,
Naphiri